Kugula malo kapena nyumba: zofufuza ndalama zisanatuluke, ndi zochita mkangano ukabuka

Munthu akagula malo, chimene walipira ndi ufulu umene wogulitsa anali nawo pamalopo, ndipo ufuluwo umabwera mmene unalili. Ukakhala wathunthu, ubwera wathunthu. Ukakhala kuti unamangidwa ndi ngongole ya kubanki, ngongoleyo imatsatira malowo. Ndipo ngati wogulitsayo analibe ufulu uliwonse, wogula amatsala ndi lisiti yokha m'manja. Maloya amati munthu sangapatse mnzake chinthu chimene iye mwini alibe, ndipo milandu yambiri ya malo imene imapweteka ogula imachokera pamenepa. Choncho ntchito yaikulu ya wogula ndi kutsimikiza zinthu zitatu ndalama zisanachoke m'thumba: kuti ufuluwo ulipodi, kuti amene akugulitsayo ndi amene ali ndi mphamvu yougulitsa, komanso kuti malo amene alembedwa papepala ndi omwewo amene mwaimapo.

Malamulo a malo amasiyana dziko ndi dziko, makamaka pa misonkho, pa masiku amene lamulo limapereka, ndi pa mayina a zikalata. Koma misampha yake ndi yofanana kulikonse.

Yambani ndi kaundula

Wogulitsa akakuonetsani chikalata cha umwini, chimene ambiri amachidziwa kuti title deed, chilandireni, muchijambule mbali zonse, koma musachikhulupirire msanga. Chikalata chikhoza kukhala chabodza. Chikhozanso kukhala chenicheni koma chakale, chimene chinasiya kugwira ntchito mwini wake atanena kuti chinatayika n'kupatsidwa china. Zoona zake zili ku ofesi ya boma yolembetsa malo. Pitani kumeneko nokha, kapena mutume loya wanu, mukapemphe kuti akufufuzireni mwalamulo ndi kukupatsani zotsatira zolembedwa, zokhala ndi chidindo ndi deti. Zotsatira zimene wabwera nazo wogulitsa kapena dobadoba musaziwerengere.

Muyeneranso kudziwa mtundu wa kaundula amene dziko lanu limagwiritsa ntchito, chifukwa ndi zimene zimanena kuti mufufuze mozama bwanji. Mayiko ena amalembetsa zikalata: ofesi imangosunga mapepala a kugulitsana kulikonse kumene kunachitika, osatsimikiza kuti kugulitsanako kunali koyenera. Kumeneko loya ayenera kubwerera m'mbuyo, kuchokera kwa wogulitsa wa lero kupita kwa amene anamugulitsa, mpaka zaka zimene lamulo limafuna, ndipo pakangopezeka chikalata chimodzi chachinyengo pakati, onse ogula pambuyo pake akhoza kugwa nacho. Mayiko ena amalembetsa umwini weniweniwo. Njira imeneyi inatchuka kuchokera ku South Australia mu 1858 kudzera mwa Robert Torrens, ndipo mfundo yake ndi yakuti amene dzina lake lili m'kaundula ndiye mwini, boma likuikira kumbuyo zimenezo. Njirayi imateteza wogula kwambiri, koma imateteza amene walembetsa. Amene walipira n'kukhala pansi osalembetsa imamusiya panja.

Pa zotsatira za kafukufukuyo, yang'anani dzina la mwini chilembo ndi chilembo, muliyerekeze ndi la pachitupa cha wogulitsa. Yang'anani nambala ya puloti ndi kukula kwake. Kenako pitani pagawo limene ogula ambiri amalidumpha, lomwe limaonetsa zomangirira malowo: ngongole ya banki imene malowo ndi chikole chake, chenjezo limene munthu wina anaikapo ponena kuti nayenso ali ndi gawo, chiletso cha khoti, liizi imene inapatsidwa kwa wina, ufulu wa anthu ena wodutsa pamalopo kapena wodutsitsa mapaipi ndi nthambo za magetsi. Chilichonse mwa izi sichichoka chifukwa choti malo asintha mwini. Ngongole ya banki imachoka pokhapokha bankiyo itasaina chikalata chomasula malowo, chikalatacho n'kulembetsedwa. Mawu akuti "ngongoleyo ndinamaliza kalekale" si umboni. Ngati anamalizadi, apite akatenge chikalata chomasulacho.

Onaninso ngati umwiniwo ndi wamuyaya kapena ndi wa liizi. Malo a liizi mumakhala nawo kwa zaka zowerengeka, nthawi zambiri 99, ndipo inu mukugula zaka zotsala zokha. Liizi ya zaka 99 imene inayamba mu 1960 itha mu 2059. Mabanki amazengereza kubwereketsa ndalama pa liizi imene yatsala pang'ono kutha, ndiye mtengo wake umatsika chaka ndi chaka. Werengani mfundo za liiziyo zonse. Zambiri zimalamula kuti mwini malo wamkulu, kaya ndi boma kaya ndi munthu, avomereze kaye musanagulitsane, kuti lendi ya pachaka izilipidwa, komanso kuti pamangidwe nyumba mkati mwa zaka zakutizakuti. Wogulitsa akakhala kuti anaphwanya mfundozi, liiziyo ikhoza kulandidwa ili kale m'manja mwanu.

Kafukufuku amakuuzani za tsiku limene wachitika lokha. Ngati padutsa milungu ingapo, fufuzaninso tsiku lolipira, kapena dzulo lake.

Kodi amene akugulitsayo ali ndi mphamvu?

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa anthu ambiri amene amagulitsa malo osakhala awo si akuba ochokera kutali. Amakhala achibale a mwini wake, ndipo ena amakhulupiriradi kuti ali ndi ufulu.

Tiyambe ndi malo a munthu amene anamwalira. Kukhala mwana woyamba, kapena mkazi wamasiye, kapena amene akusunga makiyi, sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa. Mphamvuyo imakhala ndi amene khoti kapena ofesi yovomerezeka yamupatsa makalata oyendetsera chuma cha masiye, kaya womwalirayo anasiya wilo kaya ayi. Pemphani makalatawo, mukawatsimikize kukhoti limene linawapereka, muone ngati malo amene mukufunawo ali m'gulu la chumacho. Ngati oyendetsa chuma ndi awiri kapena atatu, asaine onse. Ndi nzerunso kupempha kuti onse olandira chumacho alembe kuti akuvomereza, ngakhale pamene lamulo silikukakamiza, chifukwa mwana amene anali kunja kwa dziko kapena amene anali wamng'ono nthawi yogulitsa ndi amene amadzatsegula mlandu pakapita zaka. Pamene pali ana osakwana zaka zodziimira paokha, kawirikawiri pamafunika chilolezo cha khoti.

Malo olembedwa mayina a anthu angapo nawonso ali ndi mitundu iwiri. Pali umwini woti mmodzi akamwalira gawo lake limapita lokha kwa otsalawo, osadzera mu wilo. Palinso woti aliyense ali ndi gawo lake, theka kapena limodzi mwa magawo atatu, limene akamwalira limapita kwa olowa m'malo mwake. Mukagula kwa mmodzi yekha pa mtundu wachiwiriwu, mwagula gawo lake lokhalo, ndipo mwasanduka mwini mnzawo wa anthu amene simukuwadziwa. Mfundo yomweyi muiganizire pamene inuyo mukugula limodzi ndi mkazi wanu, mwamuna wanu kapena m'bale wanu: muuzeni loya mtundu umene mukufuna, ulembedwe momveka.

Funsani ngati wogulitsa ali pabanja. M'mayiko ambiri nyumba imene banja likukhalamo singagulitsidwe kapena kuikidwa chikole popanda chilolezo cha winayo, ngakhale chikalata chili m'dzina la munthu mmodzi. Chilolezocho chikhale cholembedwa, ndipo asaine pamaso pa loya kapena wolumbiritsa, inu mukuona. Banja likakhala kuti likutha ndipo nkhani ili kukhoti, dikirani chigamulo.

Mukamagula kwa kampani, fufuzani ku ofesi yolembetsa makampani ngati kampaniyo ikadalipo, madailekitala ake ndi ndani, ndiponso ngati katundu wake sanaikidwe chikole. Pemphani chikalata choonetsa kuti bodi inakumana n'kuvomereza kugulitsako. Bwana wamkulu wa kampani payekha sakwanira. Chimodzimodzi malo a mpingo, a bungwe kapena a banja lonse: dziwani amene malamulo a gululo amawapatsa mphamvu yosaina, ndipo onsewo asaine.

Ndiye pali ogulitsa m'malo mwa mwini wake pogwiritsa ntchito power of attorney, chikalata chimene munthu amapatsira mnzake mphamvu yomuchitira zinthu, nthawi zambiri ponena kuti mwini wakeyo ali kunja kwa dziko. Akathyali amaikonda njira imeneyi. Chikalatacho chitchule malowo ndi nambala yake, ndipo chinene poyera kuti chikupereka mphamvu yogulitsa, osati yongoyang'anira kapena kutolera lendi. Muone ngati chinalembetsedwa kumene lamulo limafuna. Chofunika koposa, lankhulani ndi mwini wakeyo pa vidiyo, pa nambala imene mwaipeza nokha osati imene wakupatsani wogulitsayo. Power of attorney imatha mphamvu mwini wake akaichotsa kapena akamwalira, ndiye chikalata chenicheni chikhoza kukhala chitafa kale.

Za ejenti kapena dobadoba tinganene mwachidule: iye amapeza ndalama malonda akatheka, osati malonda akakhala abwino kwa inu. Ntchito yake ndi kukuonetsani malo. Ndalama zogulira malo zisadzere mwa iye.

Pitani mukaime pamalopo

Kaundula sanena zonse. Pali maufulu ena amene amagwira wogula ngakhale sanalembedwe paliponse, ndipo waukulu mwa iwo ndi wa munthu amene akukhala pamalopo. Ku England, pa mlandu wa Williams & Glyn's Bank v Boland umene unagamulidwa mu 1980, nyumba inali m'dzina la mwamuna yekha ndipo iye anaiika chikole kubanki. Mkazi wake anali atasonkha nawo ndalama zogulira nyumbayo ndipo ankakhalamo. Khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti ufulu wa mayiyo ukuposa wa banki, chifukwa banki ikanayenera kufunsa anthu amene anali m'nyumbamo. Ngati banki yokhala ndi maloya ake inagwa pamenepa, wogula wamba asamale kawiri. Aliyense amene mwamupeza pamalopo, kaya ndi wa lendi, mlonda, wolima, kapena "m'bale amene akungosunga", mufunseni kuti akukhalapo chifukwa chiyani, kuyambira liti, ndipo amalipira kwa ndani. Wa lendi amene ali ndi mgwirizano wa zaka ziwiri simungamutulutse mawa chifukwa choti mwagula nyumba.

Chezaninso ndi oyandikana nawo mbali zonse, wogulitsa palibe. Safunsa anadya phula. Anthu amenewa ndi amene amadziwa ngati puloti yomweyo inaonetsedwapo kwa ogula ena mwezi watha, ngati pamadutsa madzi nthawi ya mvula, kapena ngati panali mkangano wa malire.

Malire musawatenge kuchokera pa mpanda, pa mtengo kapena pa chala cha wogulitsa. Lembani ntchito woyeza malo wovomerezeka ndi boma, wolipidwa ndi inu, atenge mapu ovomerezeka a pulotiyo, apeze mabikoni onse osonyeza malire pansi, ayeze, akupatseni lipoti lolembedwa. Amapeza zinthu zitatu kawirikawiri: mabikoni anasunthidwa, mpanda kapena khoma la nyumba linalowa kwa woyandikana naye kapena mumsewu, kapenanso puloti imene mwaonetsedwa ndi ina, yoyandikana ndi imene ili pachikalata. Samalani ndi miyezo. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, pamene ekala imodzi ndi pafupifupi 4,047. Hekitala ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndiye kusokoneza mawu awiriwa mumgwirizano kukhoza kukudyerani malo oposa theka. Ngati mtengo wawerengedwa potengera kukula kwa malo, mgwirizano unene kuti mtengowo udzasintha malinga ndi zimene woyeza malo apeze.

Onani kuti njira yofikira pamalopo ndi msewu wovomerezeka, kapena ndi ufulu wodutsa umene unalembetsedwa. Njira yodutsa pamalo a munthu wina mwa chifundo chake chabe imatsekeka tsiku limene iye wagulitsa.

Kenako pitani kukhonsolo kapena ku ofesi yoona za mapulani. Funsani kuti malowo anaikidwa kuti akhale a chiyani: nyumba zokhalamo, malonda, ulimi, kapena ndi osungidwira msewu, sukulu, nthambo zikuluzikulu za magetsi kapena m'mbali mwa mtsinje. Chikalata cha umwini sichilolezo chomangira. Ngati pali nyumba kale, pemphani mapulani ovomerezedwa muwayerekeze ndi chimene chamangidwa, chifukwa lamulo logumula zomangidwa popanda chilolezo limapita kwa mwini wa lero. Pemphaninso umboni woti misonkho ya malo, lendi ya liizi, ndi mabilu a madzi ndi magetsi zalipidwa mpaka tsiku logulitsana.

Puloti yodulidwa kumalo aakulu ili ndi msampha wakewake. Ngati kugawako sikunavomerezedwe ndipo pulotiyo ilibe nambala yakeyake m'kaundula, palibe chimene chingalembedwe m'dzina lanu. Ndipo ngati malo aakuluwo ndi chikole cha ngongole, banki ikhoza kugulitsa malo onse, pamodzi ndi nyumba za onse amene anagula mapuloti. Zikatere, banki ilembe kuti idzamasula puloti yanu ikalandira ndalama zakutizakuti, ndipo ndalamazo mulipire kubankiko mwachindunji. Zomwezi zimakhudza nyumba zogulitsidwa zisanamangidwe: lipirani pang'onopang'ono, gawo lililonse la ntchito likatha n'kutsimikiziridwa ndi katswiri wosakhala wa kampani yomangayo.

Mgwirizano ndi kayendedwe ka ndalama

Khalani ndi loya wanuwanu, ndipo mutsimikize ku bungwe la maloya kuti ali ndi chiphaso cha chaka chino. Loya wa wogulitsa sangaimire mbali ziwiri zinthu zikavuta.

Kugulitsana malo kuyenera kulembedwa. Lamulo limeneli ndi lakale: ku England linakhazikitsidwa mu Statute of Frauds ya 1677, ndipo mayiko ambiri amene malamulo awo anachokera kumeneko amalitsatirabe m'njira zosiyanasiyana. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti lonjezo lapakamwa lingakhale lovuta kapena losatheka kulikakamiza kukhoti. Zimene wogulitsa wanena kuti achita, monga kuchotsa alendi, kukonza denga, kusiya thanki ya madzi ndi mapanelo a sola, zikapanda kulowa mumgwirizano ziwerengeni ngati sizinanenedwe.

Mgwirizano wabwino umatchula mayina onse ndi manambala a zitupa, nambala ya puloti ndi kukula kwake monga zilili m'kaundula, mtengo m'manambala ndi m'mawu, masiku olipira, tsiku lopatsana makiyi, ndi amene alipire msonkho uliwonse ndi ndalama zolembetsera. Umanena kuti wogulitsa akutsimikiza kuti malowo ndi ake, alibe ngongole kapena mlandu, ndipo adzawapereka opanda munthu wokhalapo. Unenenso amene aluze nyumba ikapsa kapena kugwa pakati pa tsiku losaina ndi tsiku lopatsana makiyi, chifukwa m'mayiko ena ngoziyo imagwera wogula akangosaina, ndiye inshuwalansi iyambe tsiku lomwelo. Ikanimo mfundo zoti malondawo adzapitirira pokhapokha kafukufuku atatuluka bwino, woyeza malo atatsimikiza malire, chilolezo cha boma kapena cha mwini liizi chitaperekedwa, ndi ngongole yanu ya kubanki itavomerezedwa. Chimodzi chikalephereka pofika tsiku lakuti, dipoziti yonse ibwerere kwa inu mkati mwa masiku amene mwalemba. Popanda mfundo zimenezi, wogula amene banki yamukana ngongole amaoneka kuti ndiye waphwanya pangano, ndipo dipoziti imapita.

Dipoziti kawirikawiri imakhala 10 peresenti ya mtengo. Isapite m'manja mwa wogulitsa. Isungidwe ndi loya mu akaunti ya makasitomala, ndipo mgwirizano unene kuti akuisunga ngati wapakati, osaitulutsa mpaka zinthu zimene mwagwirizana zitachitika. Zotsalazo zilipidwe posinthana ndi zikalata: chikalata cha umwini chenicheni, chikalata chosamutsira umwini chosainidwa, chikalata cha banki chomasula malo, zilolezo, malisiti a misonkho, ndi makiyi. Wogulitsa amene walandira ndalama zonse asanasaine alibenso chomuthamangitsa, ndipo akamwalira asanasaine mudzadikira nkhani ya chuma cha masiye.

Lipirani kudzera kubanki, ku akaunti ya dzina limene lili m'kaundula kapena ya loya, n'kulemba nambala ya puloti pa malipirowo. Mukalandira imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti nambala ya akaunti yasintha, musatumize kanthu musanaimbe foni pa nambala imene mumaidziwa kale. Akuba amalowa m'maimelo a maloya ndi maejenti n'kudikirira tsiku lolipira.

Wina adzakuuzani kuti mulembe mtengo wotsika pachikalata kuti msonkho uchepe. Kanani. Ndi mlandu, komanso malondawo akadzathetsedwa khoti lidzayang'ana ndalama zimene zinalembedwa. Musasainenso pepala lokhala ndi mipata yoti "tidzalemba pambuyo pake", ndipo tsamba lililonse la mgwirizano lisainidwe ndi mbali zonse pamaso pa mboni.

Mukangolipira, lipirani msonkho wa chidindo ndi kulembetsa mwamsanga. Pamene anthu awiri agulitsidwa malo amodzi, m'mayiko ambiri amapambana ndi amene anayamba kulembetsa osadziwa za mnzakeyo, ngakhale atakhala kuti analipira pambuyo. Ngati kulembetsa kutenga nthawi, loya aike chenjezo m'kaundula tsiku losaina mgwirizano, kuti wina aliyense wofufuza aone kuti muli ndi gawo. Zonse zikatha, chitaninso kafukufuku wina muone dzina lanu ndi maso anu. Kenako malowo muwatchinge ndi kumawayendera.

Mkangano ukabuka

Zimene munthu amachita m'masiku oyambirira zimalemera kwambiri kukhoti, ndipo ambiri amaziononga ndi mkwiyo. Musagumule mpanda wa mnzanu, musazule mabikoni, musasinthe maloko, musatume anyamata kukathamangitsa munthu. Ngakhale malowo atakhala anu ndithu, kuchita zimenezi kukhoza kukubweretserani mlandu wa upandu ndi kulipira chipukuta misozi, komanso woweruza amayamba kukuonani ngati woyambitsa chisokonezo.

Ngati simunamalize kulipira, funsani loya musanalipirenso, koma musangosiya kulipira mwakachetechete, chifukwa mukhoza kusanduka inu wophwanya pangano. Ngati mukumanga, imani. Anthu amaganiza kuti akafulumira kumanga ndiye kuti alimbitsa umwini, koma lamulo m'mayiko ambiri limati chomangidwa pansi chimakhala cha mwini nthaka. Amene anapitiriza kumanga atachenjezedwa kale savuta kumuluzitsa nyumba yonse popanda kumubwezera kanthu.

Sonkhanitsani umboni tsiku lomwelo: mgwirizano, malisiti, masitetimenti a kubanki, zotsatira za kafukufuku, lipoti la woyeza malo, mauthenga onse a pafoni, zithunzi zokhala ndi deti, ndi mayina a mboni. Zikalata zenizeni musapereke kwa wina aliyense, perekani mafotokope. Lembani mndandanda wa zimene zinachitika motsata madeti, kuti loya asataye nthawi imene mukumulipira. Ndipo kumbukirani kuti mauthenga anu nawonso ndi umboni. Mawu amodzi oopseza, kapena akuti "mwina malowo ndi anudi", adzawerengedwa mokweza m'khoti.

Kenako loya achite zinthu ziwiri mofulumira. Aike chenjezo m'kaundula kuti malowo asagulitsidwe kapena kuikidwa chikole mkangano uli mkati, ndipo alembe kalata yonena zimene mukufuna ndi tsiku lomaliza loyankhira. Chenjezo liikidwe pokhapokha muli ndi gawo lenileni pamalowo. Woliika pongofuna kuvutitsa mnzake, mwachitsanzo chifukwa cha ngongole ina yosakhudza malowo, akhoza kulamulidwa kulipira zimene mnzakeyo waluza.

Ngati winayo akumanga, akudula mitengo kapena akufuna kugulitsa, pemphani chiletso cha khoti. Woweruza amayang'ana ngati pali nkhani yeniyeni yoti iweruzidwe, ngati ndalama sizingakwanire kukonza zimene zionongeke, ndi mbali imene ingapwetekeke kwambiri chiletso chikaperekedwa kapena chikakanidwa. Muyeneranso kulonjeza kuti mudzalipira zimene winayo waluza mukadzapezeka kuti munalakwa, ndiye chiletso si chaulere. Mukachipempha winayo palibe, muyenera kuulula zonse, ngakhale zokuipirani, apo ayi chidzachotsedwa. Kuchedwa kumapha pempholi. Munthu amene anaonerera maziko akukumbidwa, khoma likukwera, n'kudzadandaula denga litaikidwa, amafunsidwa kuti anali kuti.

Wogulitsa akakana kumaliza malonda chifukwa wapeza wopereka zambiri, mungapemphe khoti limukakamize kusaina, osati kungobweza ndalama. Makhoti amalola zimenezi pa malo chifukwa puloti iliyonse ndi yosiyana ndi inzake. Koma muyenera kuonetsa kuti inu mwachita mbali yanu ndipo ndalama zotsalazo zilipo. Malowo akakhala kuti apita kale kwa wogula wina wosalakwa amene walembetsa, nthawi zambiri chotsala ndi kufuna ndalama zanu kwa wogulitsayo, ndipo loya aone msanga ngati ali ndi katundu amene khoti lingagwire.

Pamene pachitika chinyengo, monga chikalata chabodza kapena kugulitsa malo amodzi kawiri, kanenani kupolisi. Koma apolisi sagamula umwini wa malo, ndipo kumangidwa kwa wakubayo sikubweza dzina lanu m'kaundula. Mlandu wa umwini uziyenda pawokha, osadikira wa upandu.

Nthawi nayo ili ndi malire. Ku England, lamulo la Limitation Act 1980 limapereka zaka 12 zoti mwini malo osalembetsedwa atengere kukhoti munthu amene walowa pamalo ake, zikadutsa ufulu wake umatha. Pa malo olembetsedwa, lamulo la 2002 limalola wokhalapo kupempha umwini pakatha zaka 10, koma mwini wake amadziwitsidwa ndipo angathe kukana. Mayiko ena ali ndi zaka zawozawo, ndipo nthawi yodandaulira za kuphwanya mgwirizano kawirikawiri imakhala yaifupi kuposa pamenepa. Choncho munthu amene mwamulola kulima kapena kukhala pamalo anu asaine kapepala konena kuti ali pamenepo mwa chilolezo chanu, chifukwa zaka za munthu wololedwa siziwerengedwa. Adilesi yanu ya m'kaundula ikhalenso yolondola, kuti zidziwitso zizikupezani.

Mikangano ya malire, ndi ya pachibale, nthawi zambiri siyenera kufika pa chigamulo. Mlandu wa kachigawo ka mita imodzi ukhoza kudya ndalama zoposa mtengo wa kachigawoko, woluza n'kulipiranso gawo la ndalama za loya wa mnzake, ndipo malo amene ali pa mlandu sagulitsika kapena kulandiridwa ngati chikole mpaka utatha. Njira yachidule ndi yoti mbali zonse zisankhe woyeza malo mmodzi, zisainirane pasadakhale kuti zidzavomereza zimene apeze, n'kugawana malipiro ake. Zikakanika, pitani kwa mkhalapakati. Makalata okambirana za mgwirizano loya amawalemba mawu akuti without prejudice pamwamba, kuti zimene mwalolera pokambirana zisadzagwiritsidwe ntchito kukhoti zokambiranazo zikalephereka.

Mukagwirizana, zilembedwe ndi kusainidwa, mapu atsopano aphatikizidwe, mabikoni aikidwe mbali zonse zikuona. Ngati mlandu unali utatsegulidwa kale, mgwirizanowo upite kwa woweruza usanduke chigamulo cha khoti. Ndipo ngati malire kapena umwini wasintha, kusinthako kukalembetsedwe m'kaundula ndi machenjezo onse achotsedwe, chifukwa mgwirizano wongosungidwa m'nyumba sumanga munthu amene adzagule malo a mnzanuyo mtsogolo.